Buku Lonenepa la pa Rissik

Loweruka, nditaweruka pa geti la eni ake,
maso akulemera ndi tulo ta usiku wonse,
ndinaima pa Rissik, chakufupi ndi Park Station,
pomwe Mbuyi wa ku Kongo amayala mabuku pa katoni
ngati akugulitsa tomato.

M'thumba, malandi zana ndi makumi asanu.
M'mutu, mawu a Ndaziona, mwana wanga:
"Adadi, dzulo mazira, lero mazira,
kodi nkhuku za m'Joni muno zinakulakwirani chiyani?"
Mayi ake ali ku Ntcheu, mwezi wachisanu uno,
anapitira matenda, pobwerera mapepala avuta.
Khitchini yandigwera ngati ngongole ya malemu.

Loyamba linali lonyezimira,
zithunzi zoti munthu n'kunyambita pepala,
nsomba zitagona m'mbale yoyera ngati zili patchuthi.
Koma tsamba lililonse likufuna uvuni
ndi timasamba ta mayina oluma lilime
toti ukafunsa pamsika wa Yeoville akuseka.
Ife ku Turffontein tili ndi sitovu ya maso awiri,
diso limodzi linafa chaka chatha.

Lachiwiri, lopyapyala, lophunzitsa kuonda.
Ndinalibweza.
Kuonda ndinaphunzira kale, mwaulere.

Lachitatu makeke okhaokha.
Kodi Lolemba munthu amadya keke?

Mbuyi anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka chipewa,
n'kupisa dzanja pansi pa mulu.
Linatuluka chibuku chonenepa ngati njerwa,
msana womata ndi tepi,
chopanda chithunzi ngakhale chimodzi.
Chikuyambira pa kudula anyezi,
osachita manyazi kuuza bambo wamkulu
kuti mpunga amayamba autsuka.
Kumapeto kuli mndandanda wautali:
nyemba njira zisanu ndi ziwiri,
kabichi, chiwindi, mchira wa ng'ombe,
chochita mchere ukapyola,
chochita ndi buledi wa dzana,
phala la munthu wodwala.

Ndinafufuza chigwada, mulibe.
Thelere, mulibe. Usipa sanaumveko n'komwe.
Ndinati palibe kanthu,
zimenezo zikudikira pa foni, m'mawu a Nachisale.

Chinandigwira mtima ndi dontho la mafuta
pa tsamba la nkhuku yophika ndi mbatatesi.
Pambali pake wina analemba ndi pensulo,
m'Chibunu, timalemba topendekera,
n'kufufuta nambala ina, n'kuikapo yake.
Sindidziwa anali ndani, ankadyetsa angati,
kaya ana ake ndiwo anataya bukuli atamwalira.
Ndinangodziwa kuti pa tsamba ili panadyedwa.
Buku loyera mbee silinalowepo m'khitchini.

"Mazana awiri," anatero Mbuyi.
Ndinamuonetsa tepi ija.
Iye anandionetsa kunenepa kwake.
Tinakumana pa zana ndi makumi atatu,
yotsalayo inakwanira takisi basi.

Madzulo magetsi anazima nthawi yake yomweyo.
Tinabwereka kambaula ka gasi kwa Mai Sithebe.
Ndaziona atanyamula foni ngati muuni,
akuwerenga Chingerezi chake cha kusukulu,
ine ndikuyeza ndi kapu yomwera tiyi
yothoka chogwirira.
"Akuti moto wochepa, adadi. Wochepa!"
Anyezi anapserera pang'ono.
Fungo linatuluka pakhonde,
mnyamata wa chipinda chachitatu anadutsa kawiri
popanda chomwe amafuna.

Tinadya osalankhula.
Iye anapukuta mbale ndi chala.

M'mawa, ndikuvala yunifolomu,
ndinapeza bukulo lili chitsegukire pa tebulo.
Pansi pa timalemba ta mayi wosadziwika uja
pali tina tatsopano, ta bolopeni yofiira:
"Adadi achepetse mchere.
Mawa tsamba 88."