Zodumpha Khumi

Ndine ndinakhoma zodumpha zako zoyamba, Dailesi,
ndi matabwa a paini otsala pa mabokosi a maliro
kuseri kwa shedi yanga ku Chinamwali.
Zinalipo khumi. Chachisanu ndi chiwiri chinali chotsimphina,
unkachitcha mlamu
chifukwa sichinkalephera kukugwira mwendo.

Mamawa, nkhungu isanatsike m'phiri,
tinkazikankha pa wilibala mpaka ku bwalo la Jimukana,
mlonda akutiyang'ana ngati taba mipando ya tchalitchi.
Phazi, phazi, phazi, m'mwamba.
Phazi, phazi, phazi, m'mwamba.
Mawondo ako sankapola.

Tsiku la Olimpiki tinayanika mabatire padzuwa,
ife khumi ndi anayi kuzinga wailesi imodzi.
Mzungu anapotokola dzina la Namakhwa mpaka tinaseka.
Masekondi khumi ndi anayi, basi zatha,
iwe wachisanu ndi chimodzi.
Unabwerako ndi jekete la mbendera
ndi kamera yogula ndi ndalama ya chakudya.

Ndinkayesa ujambula maukwati.

Makalata ako ankafika atatsegulidwa kale,
akununkha utsi ndi dizilo.
Unalemba kuti: Achimwene Lameki,
kwathu mfuti ikalira ndimanyamuka,
kuno ikalira timagona chafufumimba.
Thupi langa silinamvebe, likufuna kuthamanga.

Unalemba za nsungwi imodzi yopingasa pa migolo iwiri,
yofupika kuposa mlamu uja,
kumbuyo kwake kamnyamata kosamera ndevu,
mfuti yaitali kukaposa.
Unaima pamenepo maola asanu.
Chimenecho sichidumphika, unatero.

Za mayi wowoloka mtsinje atasenza makina osokera,
akufunsa aliyense ngati waona mwana wa malaya ofiira.
Za mayina amene unkalemba m'kope
eni ake asanakwiriridwe,
ndi mkonzi wa nyuzi amene ankangofuna chiwerengero.
Iwe unkatumizabe mayinawo.

Tsopano uli ku Matawale, imvi mbuu,
umakhala msana utatsamira khoma, maso kukhomo.
Asilikali a ku Kobe akayamba kuyesa mfuti
tiyi amatayikira m'sosala,
koma nkhani sumaidula, umangopukuta.

Dzana tikuchokera ku msika wa Mpondabwino
tinapeza ngalande ya mvula, yosakwana ndi mkono womwe.
Unaima. Ndinaona milomo yako ikuwerenga.
Kenako unalambalala kukadzera pa thabwa.
Sindinanene kanthu.

Wandituma shelefu ya makope ako makumi atatu ndi limodzi.
Matabwa akwera mtengo, Dailesi,
ndiye ndinakwera kudenga la shedi.
Chiswe chinadya zisanu ndi zitatu,
china ana anasonkhera moto chaka cha njala.
Chatsala chotsimphina chija,
pamwamba pake pakadali pokumbika
pomwe nsapato yako inkagunda.

Ndachipala mbali zonse.
Pamenepo pokha ndapasiya.