Uli Moyo?

Juni ku Dedza. Chisanu chatsika m'phiri,
chapinda mlonda pa geti ngati mpeni wa m'thumba,
koma m'chipinda muno tinachita kuchiitana.
Makina sagwirizana ndi thukuta.

Maseva asanu ndi anayi, osanjikizana m'kabati yachitsulo,
aliyense ndi kadiso kake kobiriwira.
Asenza matumba a kachewere a ku Bembeke,
ngongole za feteleza, masiginecha a chala,
mayina a alimi oti sindidzawaona nkhope.
Ndipo sekondi iliyonse amafunsana:
Uli moyo?
Ndili moyo. Nanga iwe?
Funso losatha ngati kudontha kwa mpopi.

Amene anandiphunzitsa ntchito, mayi Nachisale,
ankati: mwana iwe, usadalire mmodzi.
Manga ngati aliyense amwalira mawa.
Ndipo chiwerengero chisagawike pakati,
kuti chingwe chikaduka, ochuluka alankhule,
ochepa atseke pakamwa,
nyumba isamere mitu iwiri.

Usiku uno, itangokwana thu koloko,
wachisanu ndi chiwiri wakhala chete.
Kadiso kafiira.
Anzake amufunsa kamodzi, kawiri, katatu.
Basi.
Popanda kulira, popanda chipepeso,
agawana katundu wake mwakachetechete,
uyu mayina, uyu ngongole,
ndipo dalaivala wa lole amene akudikira risiti
pa Lizulu, manja m'khwapa,
sanadziwe kuti kuno kwagwa maliro.

Ndaima, tii wanga wazizira m'kapu.

Achimwene anga a Lufeyo atasiya kuyankha ku Joni
ife sitinafunse katatu ayi.
Amayi akufunsabe, chaka chachisanu ndi chimodzi chino,
basi iliyonse ikaima pa boda.
Ndipo katundu wawo sanagawidwe.
Fizi ya ana, malata odontha, mankhwala a shuga,
zonse zinagubuduka mpaka zinapeza msana umodzi.
Palibe anatimanga ife
ngati wina adzasowa mawa.

Ndamasula zomangira ziwiri,
ndamusolola wakufayo ngati thireyi ya buledi.
Akadali wofunda.
Fumbi la msewu wa Golomoti lili m'mapapo mwake.
Ndatsegula katoni, ndalowetsa watsopano,
ndalumikiza chingwe chabuluu, kenako chachikasu.
Sanamufunse kwawo, sanamufunse mfunda.
Uli moyo?
Wayankha. Amusenzetsa pomwepo.

M'kabatimo mwatsala malo a ena ambiri.
Alimi akachuluka tidzangowonjezera,
mmodzi pamwamba pa mnzake,
mpaka mawu awo adzamveke ngati mvula pa malata.

Kunja kukucha. Nkhungu yameza mapaini,
njinga zoyamba zikutsika ndi kabichi.
Ndalemba m'buku: nambala seveni, wasinthidwa, palibe chatayika.
Ndasaina.

Kenako ndatulutsa foni m'thumba la juzi,
ndafufuza nambala ija yoyamba ndi pulasi,
ndalemba mawu awiri omwe aja.
Ndadikira.
Ndadikira kuposa mmene makina angalolere.