Makwerero Otsika

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndapinda matawulo
m'fakitale ino ya ku Bursa,
zala zanga zimadziwa thonje ngakhale mumdima.
Tsopano andikhazika pampando wapulasitiki
moyang'anizana ndi kabokosi kotuwa
kothwanima timagetsi tobiriwira.
Akuti ndi PLC, ubongo wa lamba wonyamula makatoni.
Ubongo wonse n'kukwana m'chikhatho?

A Nevzat, mphunzitsi wathu,
chala chawo chamkombaphala chinatsalira m'makina kalekale,
choncho amaloza ndi choko.
Ajambula mizere iwiri yoimirira, ayala timitanda pakati.
"Makwerero awa," akutero, "koma sitikwera, timatsika.
Kabokosi kamawerenga kuyambira pamwamba,
kumanzere kupita kumanja,
kakafika pansi kabwerera kukayambanso
inu musanaphethire n'komwe."

Ndinalemba mtanda wanga woyamba Lachiwiri.
Batani lobiriwira uku, mota uko.
Kudina, lamba uyo wanyamuka!
Kuchotsa chala, zii.
Kudinanso, wanyamuka. Kuchotsa, zii.
Gülizar wa pabenchi lachitatu anaseka mpaka tiyi kum'tsamwa:
"Ndiye uima pomwepo, chala pabatani,
mpaka tsiku la penshoni."

A Nevzat sanaseke.
"Kameneka sikakumbuka dzulo.
Sikakumbuka ngakhale kamphindi kapitaka.
Muuzeni motayo adzigwire yekha dzanja."
Ndinajambula kanthambi pansi pa batani,
n'kulembapo dzina la mota yemweyo,
ngati munthu wodzilembera yekha kalata
yoti, wayamba kale, usaleke.
Ndinadina. Ndinachotsa chala pang'onopang'ono.
Lamba anapitirira.

Anapitirira ndithu.
Poimitsira ndinali nditaiwala.
Makatoni phu, phu, phu pasimenti,
ine n'kumafufuza pa sikirini ngati wataya singano,
mpaka Gülizar anamenya batani lofiira lija longa bowa.

Lofiiralo linandisowetsa tulo masiku atatu.
Waya wake ndi wotseka, m'makwerero ndimalijambula lotseguka,
mutu wanga unakana.
Lachisanu a Nevzat anakhala pambali panga, fungo la fodya ndi malalanje.
"Lobiriwira limalankhula mukalidina.
Lofiira limalankhula nthawi zonse: ndilipo, ndilipo, ndilipo.
Likangoti chete,
kaya munthu wadina, kaya khoswe wadula waya,
zonse ziime."
Anaika dzanja lawo patebulo, lija loperewera,
nalisiya pomwepo kanthawi.
Sindinafunsenso.

Madzulo m'sitima yopita ku Kestel
chipale chofewa chayera mbee pamwamba pa Uludağ,
koma ine maso ali pachitseko.
Chimadikira masekondi angati? Ndani anachiuza?
Mwana akaika phazi pakati, ndi mtanda uti umamuona?
Pali munthu wina kwinakwake anakhala pansi usiku
n'kuganizira phazi la mwana ameneyu asanabadwe.

Kunyumba, Ceylan akulimbana ndi masamu ake,
ine ndikujambula makwerero kuseri kwa bilu yamagetsi.
"Amayi, nanunso akupatsani ntchito yakunyumba?"
Eya. Ndipo ndalakwitsa kawiri.
Akundibwereka chofufutira chake chonga sitiroberi.

Mawa tiphunzira kuwerengera.
Diso lamagetsi lidzaona thawulo likudutsa,
kabokosi kadzati chimodzi, ziwiri,
pa khumi ndi ziwiri katoni itsekedwe.
Ndi ntchito yanga imeneyo, ya zaka zonsezi,
ikukwana pamitanda itatu.
Sindikudziwa ngati ndilire kapena ndinole pensulo.

Ndanola.
Pali chimodzi choti ndikafunse:
matawulo awiri akamatana,
monga amachitira kukazizira,
disolo lidzati limodzi.
Zala zanga sizinanamizidwepo choncho.
Ndikufuna mtanda wachinayi
woti ndiikepo zimene zalazi zikudziwa.