Kupuma Kuwiri

Linali Lachitatu, chiperoni chitatsikira pa Makwasa,
tiyi atatinyowetsa mpaka m'chiuno.
Dengu kumsana litadzaza,
phazi linaterereka pamtsetse,
ine n'kudzipotokola kuti masamba asatayike.
Masamba sanatayike.
Chinaduka n'china, m'kati, kumanzere kuno,
kanthu kakang'ono, thi! ngati ulusi wa chilundu chakale.

Pa sikelo ndinamwetulira: makilo makumi anayi ndi awiri.
Usiku ndiye ngongole inabwera kudzagogoda.

Kukoka mpweya, chilaso.
Kutembenuka pamphasa, chilaso.
Kuyetsemula ndiye mpeni weniweni.
Ndaziona, mwana wopanda chisoni uja,
anayamba kuyeserera mayendedwe a kapitawo,
mimba patsogolo, pensulo pakhutu,
phwete langa n'kuthyokera pakati
ngati phesi louma.

A Nakhumwa anasuzumira pazenera: n'chibayo chimenecho.
A Mulepa ananong'ona: akulasani, mayi,
makilo anuwo akuwawitsa anthu mitima.
Lumo la mphini linali kale m'thumba la malaya awo.
Ndinati dikirani kuche.

Ku kachipatala ka pa esiteti
mnyamata wa jasi loyera, a Khuliwa,
anandiyika kachitsulo kozizira kumsana.
Anamvetsera nthawi yaitali ngati ndili ndi nkhani.
"Mapapo ali bwino."
Kenaka chala chawo chinayenda m'nthiti zanga
monga muja tiyendera m'mizere, umodzi umodzi.
"Apa?" Ayi.
"Apa?"
Ndinadzambatuka, benchi n'kulira.

"Pakati pa nthiti ndi nthiti inzake
pali kamnofu kopyapyala ngati tsamba la nthochi.
Kamakoka, kamamasula, chibadwire chanu,
sikadziwa Sabata, sikadziwa tchuthi.
Katundu wolemera, kupotoka kwadzidzidzi,
nkhwangwa, khasu, ngakhale kutsokomola sabata yathunthu,
kamang'ambika."

Nanga mankhwala ake?

"Pumani."

Ndinafuna kuseka koma ndinakumbukira.
Kupuma kwake kuti, adokotala?
Kwa m'mphuno kukundibaya,
kwa manja kukundidulira tikiti.

"Konse kuwiri," iwo osaphethira.
"Dengu liyambe latsamira khoma.
Lero ndi mawa nsalu ya madzi ozizira,
mkuja muyambe kuthowa ndi ofunda.
Panado uyu, musapyoze muyeso.
Chifuwa chikabwera kumbatirani pilo.
Musamange nthiti ndi mpango,
ndipo kokani mpweya mpaka pansi, pang'onopang'ono, ngakhale ziwawe;
mukamaupatsa mongolawitsa,
chibayo cha a Nakhumwa chija chibweradi.
Thupi likatentha, mpweya ukachepa,
magazi akaoneka m'makhololo, ululu ukatsikira kumkono,
musadikire kuche."

Pilo kwathu kulibe.
Ndinapinda juzi la malemu bambo a Ndaziona,
lija lobooka pachigongono,
n'kumalikumbatira ndikamatsokomola.
Zaka zisanu ndisanaligwire chonchi.

Madzulo mwana amatereka madzi m'kachitini,
kuviika nsalu, kufinya, kuyesa pa tsaya lake,
n'kuiyala pomwe pali mdaniyo.
Amawerenga mpweya wanga mokweza, kufika khumi,
ngati mphunzitsi wa sitandade wani.
Kunja thirakitala imadutsa ndi masamba a anzanga.
Ndimaimva m'thumba, osati m'nthiti.

M'buku la kapitawo dzina langa
lili ndi mabokosi khumi ndi asanu ndi limodzi opanda kanthu.
Sopo tinadula pakati. Mchere tinakongola.

Dzulo m'mamawa, tambala wa a Mulepa atalira kachiwiri,
ndinayasamula.
Kuyasamula kwathunthu, kwa mwano, kofika kumchombo.
Ndinadikira mpeni.
Sunabwere.

Lolemba ndibwerera kumizere.
Dengu likafika theka ndizikakhuthula,
anene kuti ndakalamba, anene.
Ndakamva kamnofu kaja tsopano,
kantchito kanzanga kosalembedwa m'buku la munthu,
kakuthyola mpweya usiku ndi usana
popanda woika pa sikelo.