Loweruka la Ofelia

Mkati mwa sabata Ofelia Burrola amakonza mawotchi
m'kasitolo kake ku Tucson.
Loweruka, dzuwa lisanayambe kuwotcha,
amavala majombo ofika m'mawondo,
natenga ngowe yaitali ndi ndowa ya chivundikiro cholimba.

Lero aimba foni ndi bambo Wendell:
ili kuseri kwa makina ochapira, fulumirani,
fosholo ndatenga kale.

Ikani pansi fosholoyo, akutero Ofelia.
Tsekerani galu m'nyumba.

Maseche a kumchira ayamba kulira.
Si ukali umenewo, ndi pempho chabe:
ndipatseni mpata.
Iye aima patali mikono iwiri,
adikira kaye mtima ukhale m'malo.
Dzanja lozolowera tizitsulo ta m'wotchi
silidziwa phuma.
Ngowe ilowa kunsi kwa mimba, pang'onopang'ono,
njoka ilendewera ngati lamba wonyowa,
nitsikira m'ndowa. Chivundikiro, khu!

Zaka khumi ndi zinayi tsopano,
sanakhudzepo ndi chala ngakhale imodzi.

Kuchipululu, pakati pa miyala ndi minga,
apendeketsa ndowa ndi ngowe yomweyo,
nabwerera chambuyo.
Njoka sithokoza. Ingoti myaa, kunsi kwa thanthwe.

Ofelia ayang'ana wotchi ya pamkono pake:
yatsalira ndi mphindi zitatu.
Adzaiona Lolemba.