Matumba Asanu a Dongo

Zaka makumi awiri ndakhala chogwada
m'nyumba za eni ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe,
kuyala matailosi obwera m'makatoni
olembedwa zilembo zomwe sinditha kuwerenga.
Maondo anga anakakala ngati khungwa la mlombwa,
koma sindinafunsepo kuti dothi lake n'lakuti.

Anafunsa ndi Ndaziona, mwana wa mlongo wanga,
uja amavala chovala choyera kuntchito:
"Malume, nanga dothi tikupondali latani?"

Loweruka tinanyamula khasu ndi matumba a shuga.
Ku Chirimba tinatsikira m'maenje a oumba njerwa,
achule akutiyang'ana.
Ku Machinjiri mwini dimba anatithamangitsa
poyesa kuti tamva za golide,
kenako anatilondola kudzafunsa mtengo wake.
M'mbali mwa Mudi dongo linanunkha sopo ndi oyilo,
tinatapabe pang'ono.
La ku Bangwe linali lofiira,
la ku Lunzu lotuwa, lonanda,
lokana kuchoka kukhasu.
Kondakitala anatilipiritsa mpando wa matumba.

Iye ali ndi mayeso ake, ine ndili ndi anga.
Amayanika, amasinja, amasefa,
amaika pasikelo yonjenjemera ndi mpweya wa munthu.
Ine ndimanyowetsa ndi malovu,
ndimapota ngati nyongolotsi
n'kuzunguliza pachala, ndione ngati lithyoke.
Ndimaluma pang'ono: mchenga subisala kumano.
Anandiseka.
Kenako ndinamuona akulumanso, atatembenuka.

Tinaumba timatailosi tating'ono ngati bokosi la machesi,
kalikonse ndi mzere wa masentimita asanu pamsana
ndi dzina la kwawo, lolembedwa ndi msomali.
Tinadikira sabata kuti tiume.
Muuvuni moto unakwera, unakwera,
pofika madigiri mazana asanu ndi atatu
magetsi anathima.
Ndaziona anakhala pansi, osayankhula.
Tinayambiranso Lachiwiri.

Moto sudziwa chibale.
Ka ku Chirimba kanatuluka ndi ming'alu
ngati chidendene cha m'chilimwe.
Ka ku Machinjiri kanapindika ngati kaka la chinangwa.
Ka ku Mudi kanatupa matuza.
Ka ku Bangwe kanaoneka bwino, kofiira psuu,
koma titakaphika m'madzi n'kukayezanso
kanali katamwa ngati munthu wochokera kumaliro akutali.
"Aka mvula imodzi ya Januwale kafumbutuka," anatero,
n'kulemba nambala yake mosakwiya.

Ka ku Lunzu mzere unafupika,
koma kanakhala chilili.
Ndinakapachika pachala, n'kukagogoda ndi chipande changa.
Ngee!
Liwu lomwe ndakhala ndikulimva m'makatoni a eni
linatuluka m'dothi lomwe mbuzi zimapondaponda.

Ndinafuna kuimba foni kwa aliyense.
Iye anati, "Malume, kamodzi si umboni.
Tisakanize ndi mwala wopera,
tiotche makumi atatu, tithyole onse,
tione mphamvu yomwe athyokere.
Komanso sitikudziwa kuti dongolo latsika mpaka pati."
Mwana ameneyu kusangalala amachita kuyeza pasikelo.

Ndinakaba.
Ndikuvomera, kanalowa m'thumba la ovolosi.

Lolemba, m'bafa la nyumba ina ku Sunnyside,
kuseri kwa paipi, kumene diso la bwana silifika,
panatsala kampata kofuna chidutswa.
Ndinapaka simenti, ndinakakhazika,
Lunzu pakati pa alendo oyera mbee,
dzina lake litayang'ana pansi.

Ndaziona akadathyolabe timatailosi take,
buku lake latsala masamba ochepa.
Mayeso anga ali m'bafa muja,
akuthiridwa madzi m'mawa uliwonse
ndi anthu osadziwa kuti akundigwirira ntchito.
Zotsatira zake sindinazione.
Ndadutsapo kawiri pageti,
mlonda ndi watsopano,
ndipo galu wa pamenepo sandikumbuka.