Chikole Sichibwezedwa

Ndinafika Lachiwiri, fumbi la ku Joni lisanachoke m'nsapato.
Wakabaza ananditsitsa kuseri kwa msika wa pa boma,
pa geti lobiriwira lomwe ndinkangolionera pa foni.
M'thumba la jekete, malisiti asanu ndi anayi.
Ndabwera kudzatenga bambo anga, Che Mdoka.
Chipinda chawo tafolera ku Namwera.

Mayi Kalonjere a mu ofesi ananyambita chala,
natsegula faelo.
"Ndime yachisanu. Munawerenga?"
Anasaina ndi Asiyatu, mlongo wanga,
ine ndikukuwa pa foni:
saina basi, mayunitsi akutha!

"Wofuna kuchotsa kholo lake
apereke notisi ya masiku makumi atatu.
Yolemba. Ya pakamwa imauluka."

Koma ndinalipiriratu mpaka Okutobala.

"Seputembala wadyedwa ndi notisi.
Za Okutobala tibweza komiti ikakumana."

Ikumana liti?

"Atcheya ali ku maliro ku Katuli."

Kenako cholembera chinayamba kubudula.
Matiresi, poti usiku madala sadzigwira.
Makapu awiri.
Mafuta a galimoto tsiku lija shuga inakwera.
Ndinaona miyezi yanga ya pa sikafodi,
manja osweka ndi simenti m'chisanu cha eni ake,
ikufupika ngati nsalu yachabe yolowa m'madzi koyamba.

Nanga chikole?

"Chikole sichibwezedwa."

Ndinaseka, mayiwo nadzidzimuka.
Mawu amenewo ndi amene ndinaphunzirira kuwerenga,
sukulu ndisanayambe, madrasa ndisanapondeko:
pa khonde la sitolo ku Mpondasi,
pamwamba pa makina osokera,
zilembo za penti wofiira zopendekera kumanzere.
M'munsi mwake:
CHOVALA CHIKATHA MIYEZI ITATU TIGULITSA.
Akwati analira pa khonde limenelo.
Bambo ankangoluma ulusi.

Ndinawapeza pa bedi la pawindo,
singano m'manja, kofia itapendama.
Sananditchule dzina.
Anandiyeza ndi maso kuchokera m'chiuno mpaka m'kakolo.
"Thalauza limeneli latalika, bwana.
Mubwere Loweruka."

Ndine Twaibu, baba.

"Twaibu ali ku Joni. Amatumiza."

Nditayamba kulongedza m'chikwama
anatulutsa pansi pa pilo
kabokosi ka mapilitsi kong'ambidwa, kolembedwa mkati ndi pensulo.
Makatani anayi, kupinda.
Yunifolomu ya nesi wamtali, zipi.
Thumba la wophika.
Mabatani a Che Jafali, khumi ndi limodzi, ngongole.
Dzina langa linawathawa,
koma mitengo yonse inali m'malo mwake,
ya kale, ya nthawi ya matambala.

Anayenda okha mpaka mu ofesi, ndodo patsogolo,
nakaika pa faelo paja.
Mayi Kalonjere anawerenga mpaka pansi.
Anayang'ana katani la pawindo lawo,
mpendero wake wowongoka ngati mzere wa m'kope.
Anatenga cholembera
nafufuta makapu awiri.
Makapu okha.

Notisi ndinailembera pomwepo, pa pepala lopempha,
kudziwitsa kuti munthu amene wanyamuka kale
adzanyamuka pakatha masiku makumi atatu.
Bedi lidzagona lokha mwezi wathunthu, lolipiridwa.
"Mumuuze Jafali asamukire pawindo," anatero bambo,
"kumene aliko kulibe mphepo."
Za zimenezo ndime yachisanu sinanene kanthu.

Minibasi itawoloka mlatho
n'kuyamba kulira pokwera mapiri,
anandigwira bondo,
chala chikufufuza msoko wa thalauza langa.

"Alipira aja?"

Akuti komiti ikakumana, baba.

Anapukusa mutu, nayang'ana kunja,
kumene amayi ankatsika ndi mitolo ya nkhuni.
"Ndiwe mwana pa ntchito.
Chovala sapereka asanamalize kulipira."

Malisiti akadali m'jekete.
Nambala ya ofesi ndinaisunga pa dzina loti Okutobala.
Ndikaimba imalira, imalira,
bambo ali pa khonde latsopano
akulowetsa ulusi pa singano, osaphonya.